Ku Liwonde makina amamva njovu, nanga nkhwangwa aimve ndani?

Tauni ya Liwonde ili pakati pa nkhalango ziwiri zodziwika ndi dzina limodzi. Kumpoto kwake, motsata mtsinje wa Shire, kuli paki ya nyama ya Liwonde National Park, ya masikweya kilomita 548, yomwe inakhazikitsidwa m'chaka cha 1973. Kumwera ndi kum'mawa, m'mapiri a Chinduzi, Mongolowe, Chaone ndi Chikala, kuli nkhalango ya boma ya Liwonde Forest Reserve, yomwe ndi yakale kuposa pakiyo poti inatetezedwa m'chaka cha 1924. Pagalimoto sipatha ola kuchoka ku ina kufika ku inzake. Koma mutadzuka m'mamawa n'kufunsa kuti usiku wathawu mwachitika zotani m'nkhalango ziwirizi, kwina angakuyankheni nthawi yomweyo, kwina mungadikire mpaka mlonda atakwera phiri n'kubwerako.

Mupaki yankho limakhala lili kale pa kompyuta. Bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa pakiyi mu Ogasiti 2015, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Linapeza malo odzaza ndi makhwekhwe a waya, ndipo m'zaka zotsatira a gemu anachotsamo oposa 40,000. Linapezanso midzi yotopa ndi njovu zomwe zinkadya chimanga m'minda ndi kupha anthu. Mpanda wamagetsi unamangidwanso, alonda anaphunzitsidwa mwatsopano, ndipo m'chaka cha 2018 bungwe la ku Netherlands la Smart Parks linabwera kudzaimika netiweki yopanda mawaya, ya mtundu wa LoRaWAN, yoti tizipangizo tomwazika m'tchire tizitumizira uthenga ku ofesi.

Netiweki imeneyi si ya foni ayi, ndipo sidalira kampani ya foni iliyonse. Pamalo okwera amaimikapo milongoti yokhala ndi sola ndi bokosi lolandirira mafunde. Kachipangizo komwe kali pakhosi pa nyama, pagalimoto, pathupi la mlonda kapena pampanda kamadzuka pakapita mphindi zingapo, n'kutumiza manambala ochepa chabe: ndili pakuti, nthawi ndi yakuti, batire langa latsala motere. Kakatero kamagonanso. Sikangatumize kanema kapena mawu a munthu. Kali ngati ng'oma ya pamudzi, yomwe sinena zambiri koma imamveka kutsidya kwa dambo. Pamalo poyera uthenga wake umatha kuuluka makilomita 10 kapena kuposa, ndipo chifukwa choti kamalankhula pang'ono, batire limodzi limatha zaka. Luso la LoRa linayambira ku Grenoble, m'dziko la France, ndipo kampani ya ku America ya Semtech inaligula m'chaka cha 2012. A Smart Parks asanafike ku Liwonde anali ataliyesa kale ku Akagera m'dziko la Rwanda, komanso ku Mkomazi ku Tanzania, komwe m'chaka cha 2017 anaboola nyanga za zipembere n'kubisamo tizipangizo totere.

Kuti muone phindu lake, taimani pampanda. Waya wa mpanda wa njovu umayenda ndi mphamvu ya mavoti zikwi zingapo, yomwe imabwera mogunda, kamodzi pa sekondi kapena apo. Njovu yochenjera sikhudza wayawo ndi chitamba. Imakankha mtengo kuti ugwere pampanda, kapena kuzula mzati ndi mnyanga. Nthawi zina amadula ndi munthu, pofuna waya woti akapangire khwekhwe. Zilizonse mwa izi zikachitika, mphamvu m'chigawo chimenecho imatsika. Kale nkhaniyi inkadziwika m'mawa, woyendera mpanda akafika ndi kachida kake koyezera, chimanga cha eni ake chitapita kale. Kachipangizo komata pawaya kamanena nthawi yomweyo kuti mphamvu yagwa, ndiponso kuti yagwa pati.

Mauthenga onsewa amakathera m'chipinda chimodzi, pa pulogalamu ya EarthRanger, yomwe inapangidwa ndi kampani ya Vulcan ya malemu Paul Allen, mmodzi mwa oyambitsa Microsoft. Pamapu a pakiyo pamaoneka timadontho: gulu la njovu likulowera kumpanda wa kum'mawa, galimoto yaima pamsewu wakuti, alonda anayi ali m'mbali mwa Shire. Wokhala pa kompyutayo amanyamula wailesi n'kuitana gulu lomwe lili pafupi. Pali galimoto, muli mafuta, alondawo analandira malipiro awo mwezi watha, ndipo ali ndi mphamvu ya lamulo yogwira munthu. Anthu akamayamikira makina a ku Liwonde, mbali iyi amaidumpha, pomwe ndi imene ikuchititsa kuti kadontho ka pa kompyuta kasanduke njovu yobwezedwa mumpanda. Chifukwa cha chitetezo chimenechi pakiyi inatha kulandira ma cheetah mu 2017, mikango mu 2018, zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019, ndi mimbulu mu 2021.

Nanga mitengo?

Netiweki ya mupaki inaikidwa kuti izimva nyama ndi anthu. Za mitengo imanena mozungulira. Komatu ku Liwonde nkhani ya njovu ndi nkhani ya mitengo yomwe. Gawo lalikulu la pakiyi ndi nkhalango ya tsanya, yosakanikirana ndi milambe, ndipo m'mbali mwa mtsinje muli migwalangwa ndi mivumo. Njovu yaikulu imadya makilogalamu oposa 100 a zomera pa tsiku, ndipo imathyola zambiri kuposa zomwe imadya. M'chilimwe imasenda mlambe n'kumatafuna mnofu wake wonyowa, mpaka mtengo womwe unaona makolo a makolo athu utagwa. Tsanya amaduka msinkhu, n'kumangophukira m'munsi ngati zitsamba. Pomwe African Parks inkafika, mupakimo munali njovu pafupifupi 800, zotsekeredwa pamalo ochepa, popeza njira zake zakale zinasanduka minda.

N'chifukwa chake m'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinatengedwa ku Liwonde kupita ku Kasungu. M'chaka cha 2018 nkhalango ya Mangochi Forest Reserve, yomwe yagundana ndi paki kumpoto, inaperekedwanso m'manja mwa African Parks, ndipo njovu zinapeza malo owonjezera oyendamo. Malamba a pakhosi akamasonyeza kuti gulu lakuti latha miyezi likuzungulira dera limodzi, woyang'anira paki amadziwa koyenera kutumiza munthu kuti akaone mitengo. Izi n'zothandiza, koma si kuyeza thanzi la nkhalango. Palibe lamba wa njovu yemwe angakuuzeni kuti timilambe tating'ono tikumera kapena ayi.

Ine ndikuona kuti apa pali mwayi womwe tikuusiya. Chodula kwambiri pa netiweki yotere ndi milongoti, ndipo milongotiyo ilipo kale. Kuwonjezerapo kachipangizo koyeza chinyontho m'nthaka, koyeza mvula, kapena kalamba komangidwa pathunthu komwe kamayeza momwe mtengo ukunenepera ndi kuphwa, ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi kusamutsa njovu imodzi. Tizipangizo totere takhala tikugwira ntchito m'nkhalango za ku Ulaya kwa zaka zambiri. Tsanya wa m'chigwa cha Shire, yemwe akupirira kutentha komwe kukunkira patsogolo, akufunika kumuyeza chimodzimodzi.

Kumapiri

Mukachoka ku Liwonde kulowera ku Zomba, msewu umadutsa m'tsinde mwa mapiri a nkhalango ya boma ija. Kuno mitengo ndi ya miombo: mombo, mchenga, tsamba, masuku, ndi mlombwa wapatalipatali womwe unapulumuka kwa ocheka matabwa. Nkhalangoyi ndi ya mahekitala oposa 20,000, ilibe mpanda, yazunguliridwa ndi midzi ya anthu ambiri, ndipo pamwamba pa Chaone pomwe pali midzi ndi minda. Chipinda cha makompyuta chija kuno kulibe. Kuli a folesiti ochepa oyenda pansi, ndi makomiti a m'midzi ogwira ntchito mongodzipereka.

Mdani wa nkhalangoyi sabisala. Ali m'matumba omwe amaimikidwa m'mbali mwa msewu ndi pa njinga zomwe zimatsika mapiri mbandakucha. Kafukufuku yemwe Patrick Kambewa ndi anzake anatulutsa m'chaka cha 2007 anapeza kuti mizinda inayi ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba inkatentha matumba a makala oposa 6 miliyoni pa chaka, kuti makalawo ankadya mahekitala pafupifupi 15,000 a nkhalango chaka chilichonse, ndiponso kuti pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse ankachokera m'nkhalango zotetezedwa. Kuyambira nthawi imeneyo mizindayo yakula, ndipo nyumba zoposa 90 pa 100 zilizonse m'Malawi zikuphikabe ndi nkhuni kapena makala.

Wowotcha makala amalowa m'phiri ndi nkhwangwa, khasu ndi fosholo. Amasankha mitengo yolimba, yomwe makala ake amalemera ndi kuyaka nthawi yaitali. Akagwetsa amaduladula zipika, n'kuzisanja mothithikana pamwamba pa mitanda iwiri kuti mpweya uzidutsa pansi. Pamwamba amafunditsa udzu ndi masamba aawisi, kenako zibuma za dothi, n'kusiya kabowo koyatsira. Moto ukagwira amatseka. Kuyambira pamenepo uvuni umafuka masiku angapo, utsi woyera wolemera poyamba, kenako wopyapyala wobiriwira, ndipo mwini wake sagona tulo chifukwa dothi likangogumuka pena, mpweya umalowa n'kusandutsa thukuta lake lonse phulusa. Pa makilogalamu 10 a nkhuni, uvuni wadothi umabweza kilogalamu imodzi kapena awiri a makala. Ndi ntchito yowawa, yothyola msana, ndipo ambiri oigwira akauzidwa za lamulo amayankha ndi funso loti ana adya chiyani. Funso limenelo ndi loona, ndipo yemwe akufuna kuika makina m'phirimo ayambe walimva.

Tsono makina otchuka kwambiri oteteza nkhalango padziko anapangidwira mdani wina. Bungwe la Rainforest Connection, lomwe Topher White anayambitsa atayesa nzeru yake ku Sumatra m'chaka cha 2013, limapachika zomvera mawu pamwamba pa mitengo, poyamba zopangidwa ndi mafoni akale, kuti zizimva kulira kwa macheka a injini ndi magalimoto. Chida chotere chikanathandiza ku Lengwe, komwe kumapeto kwa 2016 anthu 35 anagwidwa akudula tsanya ndi macheka a injini ndi mathirakitala. Koma ku Mongolowe mtengo umagwa ndi nkhwangwa, yomwe kulira kwake sikupita patali, ndipo sikusiyana ndi kwa mayi yemwe akuwaza nkhuni youma.

Kumwamba nakonso kuli maso. Kuyambira 2014, tsamba la Global Forest Watch limaonetsa kwaulere malo omwe mitengo yatha, pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti ya Landsat, momwe kadontho kamodzi kamaimira malo a mamita 30 mulitali ndi mulifupi. Ma setilaiti a Sentinel-2 a ku Ulaya amaona bwinoko, mpaka mamita 10. Munda watsopano wolimidwa pakati pa nkhalango umaonekadi. Koma wamakala sasesa malo onse nthawi imodzi. Amatola mtengo uwu, kusiya uwo, ndipo kuchokera kumwamba phiri limaonekabe lobiriwira pomwe mitengo yonse ikuluikulu yapita. Kuwonjezera apo, miombo imayoyola masamba m'chilimwe, ndipo m'dzinja mitambo imaphimba. Nkhalango yathu imafa mowonda, ndipo imfa yotere setilaiti imaiona mochedwa.

Chomwe wamakala sangabise ndi utsi. Kampani ya ku Germany ya Dryad Networks imapanga tizipangizo ta sola tomwe timapachikidwa pamtengo n'kumanunkhiza mpweya wa moto wofuka, tisanaone lawi, ndipo timatumiza uthenga pa LoRa yomweyo. Uvuni ndi moto wofuka womwe umakhala pamalo amodzi kwa masiku, choncho pa zida zonse zomwe zilipo, ichi n'chomwe chikugwirizana ndi vuto lathu. Chovuta n'choti kachipangizo kamodzi kamamva pamtunda wa mamita pafupifupi 100 basi. Kudzaza nkhalango yonse n'kosatheka. Kungakhale kwanzeru kusankha malo ochepa omwe atsala ndi mitengo ikuluikulu, makamaka kumagwero a mitsinje, n'kuteteza amenewo.

Thanzi la miombo

Koma tisalakwitse n'kumaganiza kuti kuyang'anira nkhalango ndi kugwira akuba basi. Miombo ili ndi khalidwe lomwe mitengo yambiri yobzala ilibe: ukaidula siifa. Chitsa chimaphukira, mizu yomwe yakhala m'nthaka zaka makumi imatulutsa mphukira, ndipo malo odulidwa akasiyidwa okha amavalanso. Chomwe chimapha mphukirazo ndi moto wa mochedwa. Moto wa mu Juni kapena Julaye, udzu usanaumitsitse, umangonyambita pansi n'kudutsa. Moto wa mu Okutobala, woyatsidwa ndi osaka mbewa kapena wothawa m'munda, umapeza udzu wouma gwa ndi mphepo yotentha, ndipo umawotcha mphukira zomwe zangovala kumene masamba ofiira aja omwe miombo imatulutsa mvula isanagwe. Zikachitika chaka ndi chaka, chitsa chimatopa.

Choncho amene akufuna kudziwa ngati nkhalango ya Liwonde ichira, adziwe mwezi womwe chigawo chilichonse chinapsa, ndi kutalika kwa mphukira chaka chino poyerekeza ndi chatha. Za moto, bungwe la NASA limapereka kale kwaulere, kudzera pa FIRMS, malo omwe ma setilaiti aona kutentha, patangopita maola ochepa. Tizipangizo toyeza chinyezi cha mpweya ndi kuuma kwa nthaka tingauze komiti ya mudzi sabata yoyenera kutentha moto woyambirira ndi kulambula njira zotchinga moto. Za mphukira sizifuna sensa. Zimafuna munthu, ndodo yoyezera ndi foni yojambulira.

Palinso oyeza ena omwe saikidwa m'malipoti. Mvula ikagwa, m'mbali mwa msewu wa Zomba ndi Liwonde mumadzaza amayi ndi ana ogulitsa bowa, monganso amachitira ndi masuku nyengo yake ikakwana. Bowa wambiri wa m'miombo samera paliponse. Amakhala molumikizana ndi mizu ya mombo, mchenga ndi msuku, kotero kuti mitengoyo ikatha nayenso amatha. Mayi yemwe wazula bowa m'phiri limodzi kwa zaka 30 amadziwa khwawa lomwe linasiya kubala ndi chaka chomwe linasiya. Amadziwanso kuti tsopano amayenda maola angati asanadzaze dengu. Wofufuza aliyense wobwera ndi bokosi la masensa akanayamba wakhala pansi ndi amayi amenewa, n'kuwafunsa mwaulemu kuti amayi, kodi tiike pati, akanapulumutsa ndalama zambiri.

Ndiye pali madzi, omwe kwa ine ndiye muyeso woona kuposa yonse. Phiri lovala limamwa mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka chilimwe. Phiri lovula limaitaya tsiku lomwelo, yofiira ndi dothi. Mitsinje ya m'mapiri a Machinga ina imatsikira ku Shire, monga Likwenu, ina ku nyanja ya Chilwa, yomwe inaphwa mu 1995 ndipo inatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Kachipangizo komangidwa pansi pa mlatho, koyeza kukwera kwa madzi mphindi 15 zilizonse, pamodzi ndi kena koyeza kuda kwa madziwo, kangalembe mbiri ya phiri lonse popanda wokwerako. Mvula yofanana ikamabweretsa chigumula chachikulu chaka chino kuposa zaka zisanu zapitazo, ndiye kuti kumtunda kwavulidwa. Kachipangizo komweko kangachenjezenso midzi ya kumunsi usiku wa madzi osefukira, monga anthu a chigawo cha kumwera anafunira pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Dothi limenelo silithera ku Machinga. Pa Liwonde pali Kamuzu Barrage, yomangidwa mu 1965 kuti iziwongolera madzi a Shire, ndipo kumunsi kwake kuli Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe kumachokera gawo lalikulu la magetsi a dziko lino. Matope ndi zinyalala zikadzaza m'madamu, makina amachepa mphamvu, magetsi amathima, ndipo wa m'tauni yemwe akanaphikira magetsi amatuma mwana kukagula makala. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 kwa chaka choposa chimodzi. Amene amapanga ndi kugulitsa magetsi ali ndi chifukwa chawochawo cholipirira masensa a m'mitsinje ya kumtunda, ndipo ndikukhulupirira kuti ndalama yokhazikika ya ntchitoyi iyenera kuchokera kumeneko.

Tsidya la Balaka

Balaka inali mbali ya Machinga mpaka 1998, pomwe inakhala boma palokha. Kuno n'kouma, kwa thonje ndi milambe, ndipo mitengo yambiri ili pa malo a mafumu: m'minda, m'manda, m'nkhalango za midzi, ndi m'mbali mwa mitsinje monga Rivirivi. Kachigawo kochepa ka paki kali tsidya lino la Shire, ndipo alendo opita ku Mvuu amadzera ku Ulongwe n'kuwoloka pa boti. Tsanya yemwe mkati mwa mpanda amadyedwa ndi njovu, kunja kwa mpanda amapita mu uvuni, poti makala ake ndi okondedwa zedi, ndipo oyenda pamsewu wa M1 amawaona matumbawo cha ku Phalula.

Kuno funso loti wadula ndani silivuta, poti pamudzi palibe chinsinsi. Chomwe mlimi wa ku Balaka angapindule nacho ndi umboni. Alangizi akhala akulimbikitsa anthu kusiya zitsa m'munda kuti ziphukire, kudulira mphukira n'kusiya ziwiri kapena zitatu zolimba, ndi kusunga nsangu, womwe umayoyola masamba m'dzinja n'kudyetsa nthaka. Ntchito ya MWASIP, yothandizidwa ndi World Bank kuyambira 2020, yakhala ikugwira zokonzanso nthaka m'maboma a m'chigwa cha Shire kuphatikizapo Balaka ndi Machinga. Masensa awiri a chinyontho, wina m'munda wa mitengo, wina m'munda woyera wa pafupi, angaonetse mlimi ndi maso ake kuti ng'amba ikabwera mu Januwale, munda uti umayamba kuuma. Manambala amenewo atawerengedwa pa msonkhano wa a gulupu angachite zomwe zikwangwani zalephera.

Luso lilipo, nanga woyankha?

Wina asanene kuti izi n'za azungu. Cha m'ma 2012, akatswiri a ku Polytechnic, yomwe lero ndi MUBAS, motsogozedwa ndi Million Mafuta, anaika netiweki ya masensa opanda mawaya m'munda wa chimanga ku Manja mu Blantyre. Masensawo ankayeza chinyontho cha nthaka, n'kumatsegula ndi kutseka madzi othirira okha, uku akutumiza manambala kwa ofufuza kudzera pa netiweki ya foni. Ntchito ya M-CLIMES, ya boma ndi UNDP, yaika makina odziyezera okha nyengo ndi madzi a m'mitsinje m'maboma ambiri. Achinyamata athu akuphunzira za ma drone ndi kusanthula manambala ku African Drone and Data Academy, yomwe UNICEF inatsegula mu 2020. Amisiri oti angamange ndi kukonza zida zimenezi tili nawo.

Mavuto ake ndi odziwika. Masamba onyowa ndi mapiri amafupikitsa mtunda womwe uthenga ungafike. Anyani amazula mawaya, chiswe ndi nyerere zimalowa m'mabokosi, moto umasungunula pulasitiki. Sola ndi batire zosiyidwa patchire zimakopa munthu yemwe kunyumba kwake kulibe magetsi. Koma vuto lalikulu ndi la chaka chachisanu, pulojekiti ikatha. Nkhalango ya Liwonde yalandirapo alendo ambiri. Pulojekiti ya PERFORM, ya ndalama za USAID, inagwira ntchito kuno pamodzi ndi ku Ntchisi ndi ku Perekezi pakati pa 2014 ndi 2019, ndipo inathandiza kuwerenga ndi kuyeza mitengo. Inatsatidwa ndi ya Modern Cooking for Healthy Forests. Mu 2025 boma la America linatseka ntchito zambiri za USAID mwadzidzidzi. Netiweki yomwe batire lake likudikira ndalama za kunja idzazima tsiku lomwe ndalamazo zidzaime, choncho mtengo wa batire, wa mmisiri ndi wa mafuta a njinga yamoto uyenera kulowa m'bajeti ya khonsolo ndi ya nthambi ya zankhalango kuyambira chaka choyamba.

Tiyerekeze kuti zonsezi zatheka, ndipo usiku wina kachipangizo ka kumagwero a mtsinje kanunkhiza uvuni. Uthenga upite pa foni ya yani? Lamulo la zankhalango la 1997 linatsegula khomo loti midzi iziyang'anira nkhalango za boma limodzi ndi a folesiti, ndipo Liwonde inali imodzi mwa nkhalango zoyambirira kuyesa njirayi, pamodzi ndi Chimaliro ku Kasungu, kuyambira 1996, lamulolo lisanatuluke. Nkhalango inagawidwa m'zigawo, chigawo chilichonse ndi komiti yake. Mu 2020 lamulolo linakonzedwanso ndipo zilango za makala opanda chilolezo zinakwera. Papepala, woyankha alipo. Koma wapampando wa komiti amakhala mudzi umodzi ndi mwini uvuni, mwina ndi mphwake, mwina ndi mlamu wake. Alibe malipiro, alibe nsapato zokwerera phiri, ndipo kumbuyo kwa uvuniwo nthawi zambiri kuli mwini lole wa m'tauni yemwe sadzafika pabwalo la a mfumu. Kupatsa munthu wotere uthenga wa pa foni popanda china chilichonse ndi kumuika pamoto.

Mpake kuti uthengawo uzipita kwa anthu angapo nthawi imodzi: komiti, a mfumu, ofesi ya zankhalango ya boma, ndipo uzilembedwa pamalo pomwe aliyense angaone kuti unafika nthawi yanji ndipo anapitako ndani. Mudzi womwe chigawo chake chatha chaka osafuka uvuni, kapena chapsa mu Juni m'malo mwa Okutobala, uzilandira kanthu kooneka, ndipo manambala a masensawo akhale umboni wolipirira. Apo anthu adzateteza kabokosi ka pamtengo chifukwa kakuwadyetsa. Kakangokhala kazitape wa boma, kadzagwetsedwa ndi mwala sabata yoyamba. Ndipo manambalawo akhale a mudzi ndi a dziko, osati otsekeredwa pa kompyuta ya kampani ya kunja yomwe idzafune ndalama kuti tione za phiri lathu lomwe.

Dziko la Malawi linalonjeza, pansi pa mgwirizano wa AFR100, kukonzanso mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030. Chaka chilichonse nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo, ndipo timamva za mbande mamiliyoni zomwe zabzalidwa. Chiwerengero chomwe Machinga ndi Balaka akufunika ndi cha mwezi wa Okutobala wotsatira: pa mbande zija zatsala zingati, ndi zitsa zingati zomwe zapulumuka moto n'kufika msinkhu wa munthu. Makomiti a zigawo, atapatsidwa mafoni ndi kangachepe, angathe kujambula malo omwewo chaka ndi chaka, pa mwala womwewo, kuyang'ana mbali yomweyo, zithunzizo n'kuikidwa pamodzi ndi manambala a mvula, a moto ndi a mitsinje. Chiwerengero chimenecho a khonsolo azichilengeza pa 15 Disembala, dzenje loyamba la chaka chatsopano lisanakumbidwe.